Swichi ya pakhoma ndi moyo wa anyanchito a ZESCO pamene nyumba zayamba kupanga malaiti

LUSAKA. Kuyambira pamene kabungwe ka ZESCO kanakhazikitsidwa m'caka ca 1970, malaiti m'dziko lino akhala akuyenda njira imodzi cabe: kucokera kumene amapangidwa, monga ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, kudzera m'nthambo zikulu-zikulu, mpaka pa mita ya munthu. Wanchito wotumidwa kukakonza nthambo yoduka anali kudziwa kuti akazima kumene malaiti akucokera, ndiye kuti kutsogolo konse kwazima.

Cilala ca caka ca 2024 cinasintha zimenezi. Pa 29 February caka cimeneco, mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, kotero kuti pofika mu September, pa makina 6 a ku Kariba North Bank, amene onse pamodzi angathe kupanga ma megawatt 1,080, amodzi okha ndiwo anali kuzungulira. Mabanja ambiri anali kukhala maola 21 pa tsiku opanda malaiti. Amene anali ndi kangacepe anathamangira kukagula masola, mabatire ndi majenereta. Kabungwe kofufuza za mphamvu ya malaiti ka Ember kanalengeza mu August 2025 kuti m'miyezi 12 yofika mu June caka cimeneco, masola olowa mu Zambia kucokera ku China anawirikiza ka 8 poyerekeza ndi miyezi 12 ya m'mbuyo mwake.

M'caka comweco ca 2024 boma linakhazikitsa malamulo a net metering kudzera mu Statutory Instrument nambala 38, ndipo ZESCO inatsegula ndondomekoyi mu August. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene ali ndi sola pa denga angathe kutumiza malaiti otsala m'nthambo za ZESCO. Amaikiridwa mita yowerenga mbali zonse ziwiri, malaiti olowa ndi otuluka, ndipo zimene watumiza zimacepetsa ndalama zimene ayenera kulipira.

Anthu ambiri anamva mbali ya ndalama. Mbali imene sinamveke kwenikweni ndi ya kacipangizo kakang'ono kamene maiko ena anakangana nako kwa zaka zambiri: swichi yopatula nyumba yopanga malaiti ku nthambo za kampani, yoikidwa panja, pamalo pamene wanchito wa kampaniyo angafike, kuizima ndi dzanja lake ndi kuikapo loko.

Malaiti obwerera m'mbuyo

Ngozi imene swichi imeneyi inapangidwira siyovuta kuimvetsa. M'makomboni ndi m'mayadi, malaiti amafika pa thiransifoma ali pa ma volts 11,000, ndipo thiransifomayo imawatsitsa kufika pa ma volts 230 ogwiritsa nchito m'nyumba, kapena 400 a zigayo ndi makina ena. Koma thiransifoma imagwira nchito mbali zonse ziwiri. Ngati nyumba ina yatumiza ma volts 230 m'nthambo pamene ZESCO yazima, thiransifoma yomweyo imawakweza, ndipo nthambo ya pamwamba imene aliyense akuiyesa yakufa ingakhale ndi ma volts masauzande.

Kuti munthu afe sipafunika malaiti ambiri. Mphamvu yocepa kuposa imene babu lakale la ma watts 60 limakoka, ikadutsa pacifuwa, ingaimitse mtima.

Nthawi zambiri jenereta yaing'ono imene yalumikizidwa molakwa imalemedwa ndi kuzima yokha, cifukwa imayesa kudyetsa nyumba zonse za m'deralo. Koma pamene nthambo yaduka capafupi, kapena mafyuzi a nyumba zina acotsedwa, katundu amapepuka ndipo jeneretayo imapitiriza kulira. Imeneyo ndiyo nthawi yomwenso anyanchito amakhala pamwamba pa mtengo wa malaiti. Mu July 2005, pambuyo pa namondwe wochedwa Hurricane Dennis, wanchito wina wokonza nthambo anafa m'tauni ya Flomaton, m'cigawo ca Alabama ku America, atagwira nthambo imene inali kulandira malaiti kucokera ku jenereta ya pa nyumba ina.

Mfundo yoyenera kuisunga pa nkhani imeneyo ndi yakuti cimene cinapha munthuyo cinali jenereta, osati sola.

M'mene mkangano unayendera ku America

Lamulo la swichi yapanja linayamba sola isanafale. M'caka ca 1978 dziko la America linakhazikitsa lamulo lochedwa PURPA, limene linakakamiza makampani a malaiti kugula mphamvu kwa opanga ang'ono-ang'ono. Ambiri mwa opangawo anali ndi makina ozungulira, a madzi, a mphepo kapena a nthunzi, ndipo ena mwa makina otere angapitirize kupanga malaiti ngakhale nthambo za kampani zitazima. Makampani anati aliyense wofuna kulumikizidwa aike swichi yooneka ndi maso kuti yatseguka, yokhomeka ndi loko, ndiponso yofikirika usana ndi usiku. Panalibe wotsutsa.

Pamene masola a pa denga anayamba kuculuka, makampani anawasenzetsa lamulo lomwelo. Apa ndi pamene mkangano unabuka, cifukwa sola sigwira nchito ngati jenereta.

Sola imapanga malaiti a mtundu wa batire, ndipo pamafunika makina ochedwa inverter kuti awasandutse kukhala malaiti a m'nyumba. Inverter yolumikizidwa ku nthambo za kampani siyenda payokha. Imatsatira kugunda kwa malaiti a kampani, kumene kuno kwathu kumacitika ka 50 pa sekondi iliyonse. Nthawi ndi nthawi imayesa kukankha kugunda kumeneko pang'ono. Ngati kampani ilipo, kukankhako sikusuntha kanthu, monga mwana wokankha khoma. Ngati kampani yazima, kugundako kumasokonezeka, inverter imazindikira kuti yatsala yokha, ndipo imadzizima.

Muyezo wa akatswiri wochedwa IEEE 1547, umene unatuluka m'caka ca 2003, unalamula kuti kudzizima kumeneku kuzicitika pasanathe masekondi 2. Muyezo wina, UL 1741, umene unayamba mu 1999, ndiwo umagwiritsidwa nchito poyesa makinawo asanapite pa msika wa ku America. Maiko ena ambiri amatsatira mayeso a IEC 62116.

Mu January 2008, akatswiri atatu a National Renewable Energy Laboratory, a Coddington, a Margolis ndi a Aabakken, anatulutsa lipoti lofunsa ngati swichi yapanja inali yofunikabe pa masola ang'ono-ang'ono. Anaona kuti kawiri-kawiri anyanchito a makampani sanali kuigwiritsa nchito konse. Cifukwa cake n'comveka kwa aliyense amene anaonapo gulu la okonza nthambo usiku wa mvula. Ngati pa nthambo imodzi pali nyumba 40 za sola, palibe kapitawo amene angatume anthu ake kuyendera makomo 40 kukakhoma maloko asanayambe nchito, ndi kubwereranso kukatsegula akatsiriza. Cimene anyanchito amacita, ndipo ndi cimene malamulo a citetezo ca pa nchito amafuna, ndi kuiyesa yamoyo nthambo iliyonse kufikira ataipima ndi cipangizo, kenaka n'kuimangirira ku nthaka mbali zonse ziwiri za pamene akugwirira nchito. Nthambo yomangiridwa ku nthaka imameza malaiti alionse obwera mwadzidzidzi, kaya acokera ku sola, ku jenereta, kapena kwa mnzawo amene wayatsa molakwa ku substation.

Pofika nthawi imeneyo, makampani awiri a ku California amene anali ndi makasitomala ambiri a sola, Pacific Gas and Electric ndi Sacramento Municipal Utility District, anali atasiya kale kukakamiza swichiyi pa masola ambiri a m'nyumba. Anati pakafunika kupatula nyumba, wanchito angathe kungozula mita. Cigawo ca New Jersey ndi zigawo zina zingapo zinacotsanso lamuloli pa makina ang'ono-ang'ono. Dziko la Germany linatsata njira yofanana, polola kuti cipangizo codzizima cokha, coyesedwa pa muyezo wa VDE 0126, cilowe m'malo mwa swichi yapanja pa makina osapitirira 30 kVA.

Sikuti onse anagonja. Makampani ambiri ku America anapitiriza kuifuna swichiyi, ndipo zifukwa zawo si zacibwana. Amati makina alionse amaonongeka tsiku lina, pamene swichi yotseguka munthu amaiona ndi maso ake. Amatinso kampani iyenera kukhala ndi njira yocotsera kasitomala amene makina ake akusokoneza anzake, popanda kumuzimira nyumba yonse. Otsutsa amayankha kuti swichiyi, pamodzi ndi nthambo ndi malipiro a woika, imaonjezera madola mazana angapo pa mtengo wa sola, pofuna kuteteza ngozi imene inatsekedwa kale pawiri.

Cifukwa cake Zambia siingangotengera

Munthu angafulumire kunena kuti ngati California ndi Germany anaitaya swichiyi pa nyumba zazing'ono, Zambia isavutike nayo. Kuganiza kotero kukuiwala zinthu zimene maikowo anali nazo asanaitaye. Inverter iliyonse inali yoyesedwa ndipo inali ndi cidindo codalirika. Nchito iliyonse inali kuyenderedwa ndi woyang'anira asanalole kuyatsa. Kampani inali ndi kaundula wa nyumba zonse zopanga malaiti. Swichi inacotsedwa cifukwa zinthu zitatuzi zinali zitalowa m'malo mwake.

Palinso kusiyana kwina kwakukulu. Ku California wa 2008, munthu anali kugula sola kuti acepetse bilu, ndipo malaiti anali kuzima mwa kamodzi-kamodzi. Ku Lusaka wa 2024, munthu anali kugula sola kuti firiji isafe pamene ZESCO yazima. Inverter yodzizima pamodzi ndi ZESCO ilibe phindu kwa munthu wotere. Ena amene anagula mtundu umenewo mosadziwa anadabwa kuona nyumba ili zii masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumayesa kuti anawagulitsa katundu wakufa, pamene makinawo anali kucita cimene anapangidwira.

N'cifukwa cake ambiri anasankha ma inverter ochedwa hybrid, okhala ndi mabatire. Amenewa anapangidwa kuti azipitiriza kupereka malaiti pamene kampani yazima. M'kati mwake muli swichi yodziyendera yokha imene imatseka khomo la ku ZESCO, n'kusiya khomo la ku nyumba lotseguka. Akaikidwa bwino, palibe cimene cimatuluka kupita ku msewu. Koma citetezo conseco cagona pa m'mene nthambo zalumikizidwira pa bokosi la mafyuzi. Woika wosadziwa nchito akalumikiza khomo la ku nyumba pa nthambo yomwe ikucokera ku mita, popanda copatula, makina abwino amasanduka msampha. Ndipo pa nthawi ya cilala, pamene makasitomala anali kupikisana, oika masola anatulukira paliponse, ena ophunzira bwino, ena ongoonera anzawo masiku awiri.

Za majenereta n'zodetsa nkhawa kuposa pamenepo. Jenereta ilibe nzeru yodzizima. Njira yokhayo yoilumikizira ku nyumba popanda ngozi ndi kudzera pa swichi yochedwa changeover, imene siingalole ZESCO ndi jenereta kulowa nthawi imodzi. Koma alipo amene amatenga nthambo ya mapulagi awiri, kwina ku jenereta, kwina pa soketi ya pakhoma, n'kumadalira kuti akumbukira kutsitsa swichi yaikulu. Tsiku limene mwini nyumba wacoka ndipo woyatsa ndi mwana kapena wanchito wa pa nyumba, kukumbukirako kulibe. Ngakhale pasafe munthu, malaiti a ZESCO akabwerera amaocha jeneretayo, nthawi zina ndi nyumba yomwe.

Anthu onsewa malamulo a net metering sawakhudza, cifukwa sanapemphe kugulitsa malaiti. Amene amalemba kalata ku ZESCO, kulola kuyenderedwa ndi kusinthiridwa mita, ndi amene ali osamala kale. Apa ndi pamene pagona vuto la aliyense wolemba malamulo otere. Akaunjika zofunika zambiri pa munthu amene wadzionetsa poyera, amalanga wosamala, ndipo anzake oona zimenezo amasankha kukhala cete. Swichi yodula pa nyumba imene ili m'kaundula siteteza wanchito ku nyumba khumi zoyandikana nayo zimene kampani sizidziwa.

Mau akuti "yofikirika usana ndi usiku" nawonso ali ndi zovuta zake kuno. Nyumba zambiri za ku Kabulonga, Woodlands kapena Riverside ku Kitwe zili m'mipanda ya makoma, yokhala ndi mageti okhoma ndi agalu. Swichi ikaikidwa m'kati, wanchito sangaifikire pakati pa usiku. Ikaikidwa kunja kwa mpanda, aliyense wodutsa angaizime, ndipo m'dziko limene ZESCO yakhala ikudandaula kwa zaka zambiri za kubedwa kwa nthambo ndi kuonongedwa kwa mathiransifoma, bokosi lokhala ndi mkuwa pa msewu silingagone masiku ambiri. Komano m'madera ambiri mita ya mayuniti ili kale pa mtengo wa malaiti, kunja kwa mpanda, ndipo m'nyumba muli kabokosi kolowetsera manambala cabe. Kumeneko wanchito ali nayo kale njira yopatulira nyumba popanda kugogoda pa geti.

Pamene malire ayenera kukhala

Pa makina akulu palibe cokangana. Famu ya ku Mkushi yothirira ndi sola, sitolo yaikulu ya m'tauni, fakitale kapena sukulu yokhala ndi masola mazana, zonsezi ziyenera kukhala ndi swichi yooneka, yokhomeka, yolembedwa bwino, ndipo mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi ndalama za nchito yonse. Minda ya sola monga Bangweulu ya ma megawatt 54, imene inatsegulidwa ku Lusaka mu 2019, kapena ya ku Chisamba ya ma megawatt 100, imene inatsegulidwa mu June 2025, ili ndi zipangizo zotetezera za mtundu wa ku substation, ndipo siilowa m'nkhani ino.

Funso lili pa nyumba ya masola 6 kapena 10. Pamenepa zimene zinacitika kunja zikusonyeza kuti ndalama ndi nthawi zimapindula kwambiri zikaikidwa pa zinthu zina. Mzinda wa Cape Town ku South Africa, umene nawonso unazunzika ndi kuzima-zima kwa malaiti, umafuna kuti masola a pa nyumba alembetsedwe, ndipo umafalitsa mndandanda wa ma inverter amene anayesedwa pa muyezo wa dzikolo wa NRS 097-2-1. Wogula angathe kuona yekha ngati makina amene akumugulitsa alipo pa mndandandawo. Njira yotere imagwira vuto pa khomo lolowera, katundu asanafike pa khoma la munthu.

Zambia ili nawo kale mabungwe oyenera nchitoyi. Energy Regulation Board ili ndi mphamvu pansi pa Energy Regulation Act ndi Electricity Act, malamulo onse awiri a caka ca 2019. Zambia Bureau of Standards ndiyo imalemba miyezo, Zambia Compulsory Standards Agency ndiyo imaona kuti miyezo yokakamiza ikutsatidwa, ndipo Engineering Institution of Zambia imalembetsa akatswiri ndi amisiri. Boma linacotsa misonkho pa zipangizo zambiri za sola kuti zichipe, ndipo cimeneco cinathandiza mabanja ambiri. Koma khomo lotsegukira katundu wabwino limalowetsanso wacinyengo, ndipo cidindo cosindikizidwa pa katoni si umboni wakuti makinawo anayesedwa.

Pali gulu linanso limene limaiwalika pa nkhaniyi, la ozimitsa moto. Swichi yapanja imapatula nyumba ku ZESCO, koma siizima dzuwa. Masola a pa denga amapitiriza kupanga ma volts mazana angapo malinga kunja kukuwala, ndipo mabatire amakhalabe odzaza. Ku America, malamulo a zolumikiza malaiti a caka ca 2014 anaonjezera lamulo lakuti pazikhala njira yozimira msanga nthambo zocokera pa denga, makamaka cifukwa ca anthu amenewa. Cikwangwani caching'ono pa geti kapena pa mita, conena kuti nyumbayi ili ndi sola ndi mabatire, cingathandize wozimitsa moto ndi wanchito wa ZESCO yemwe, pa mtengo wa makwaca ocepa.

Kwa mwini nyumba amene anaika kale makina ake pa nthawi ya cilala, pali mayeso amodzi osatenga nthawi amene mmisiri wolembetsedwa angacite. Masana, makina onse akugwira nchito, mmisiriyo amatsitsa swichi ya malaiti obwera kucokera ku ZESCO, n'kupima nthambo yolowa m'nyumba kucokera pa swichiyo. Ngati inverter kapena changeover inaikidwa bwino, pakapita masekondi owerengeka cipangizo copimira sicisonyeza kanthu, ngakhale mababu m'nyumba akuyaka. Cikasonyeza ma volts 230, ndiye kuti nyumbayo yakhala ikutumiza malaiti ku msewu nthawi iliyonse imene ZESCO inazima, ndipo iyenera kukonzedwa tsiku lomwelo.